Chidole cha Zuze M'kamwa mwa Ng'ona

Ntchito yanga yoyamba inandilanda khutu lakumanzere, mano akutsogolo, nyumba ya amayi ndiponso mudzi umene ndinabadwira. Khutulo lilipo, mukhoza kuliona, koma silimva kanthu. Mudzinso ulipo, kwa Makhuwira, m'mphepete mwa dambo, koma ine sindingapondeko. Anthu akandifunsa kuti inali ntchito yanji yoopsa chonchi, amayembekezera kuti nditchula ulonda kapena kudula nzimbe. Ayi. Ndinkathandiza munthu wina kupeka dziko la m'buku.

Sukulu ndinasiyira Folomu 3 bambo atamwalira. Wina asandimvere chisoni pa zimenezo, tinasiya ambiri. Chimene ndinkadziwa ine ndi kujambula. Ndinkalemba zikwangwani za maokala ndi kujambula mitu ya anthu pa makoma a mometera tsitsi, ndipo malipiro ake nthawi zina kunali kumetedwa ulere. Tsiku lina ndili pa makwerero, ndikujambula mlamba pakhoma la mayi wina wogulitsa nsomba zowamba, panaima galimoto yaing'ono yoyera. Munatuluka bambo a magalasi, malaya atanyowa ndi thukuta ngati agwa mumtsinje. Anauyang'ana mlambawo nthawi yaitali, kenaka n'kundifunsa ngati ndingathe kujambula chinthu chimene sindinachionepo. Ndinati bola ntchito, ndijambula. Anaseka, n'kunena kuti ndiyambe Lolemba.

Bambowo ndingowatchula kuti a Chimwaza. Ankakhala ku Blantyre, anaphunzira kunja, ndipo ankalemba buku la nkhani ya dziko limene kulibe. Pambali pa bukulo ankakonzanso masewero a patebulo ochokera m'dziko lomwelo. Kwa inu amene simuwadziwa masewero amenewa, amayenda chonchi: anthu angapo amakhala mozungulira tebulo, aliyense ali ndi munthu wake wopeka. Mmodzi, wotsogolera, amafotokoza zimene zikuchitika. Enawo amanena zimene anthu awo achite, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati zatheka kapena zakanika. Palibe wopambana. Nditamva zimenezi ndinaganiza kuti bambowa ali ndi ndalama zosowa nazo chochita. Maganizo amenewo sindinawasinthe kwenikweni mpaka lero, koma ntchitoyo inali yeniyeni, ndipo inali yovuta kuposa kupenta khoma.

Anachita lendi kachipinda kuseri kwa tiyirumu, kokhala ndi chisakasa kunja kwake. Zida zanga zinali mapepala akuluakulu a timabokosi, mapensulo olimba ndi ofewa, labala, rula, inki yakuda, ndi pepala lina loonekera mkati loika pamwamba pa linzake pofuna kukonza chinthu osaononga mapu onse. Kabokosi kamodzi kankaimira ulendo wa theka la tsiku pa mwadiya, bwato lathu losema ku mtengo umodzi. Umayamba ndi mapiri, chifukwa madzi amachokera kumeneko. Kenaka mitsinje. Midzi imabwera pomaliza, popeza munthu samanga pamene palibe chomwera. Mapu anga oyamba anali okongola kwambiri, ndipo a Chimwaza anawang'amba ine ndikuona. Ndinali nditakweza mtsinje paphiri kuti ukafike pa mudzi wina umene ndinaukonda.

"Nama za china chilichonse, Bizeki," anatero, "koma madzi azitsika."

Inki isanaume, ankayamba mafunso. Anthu a pamudzi uwu amadya chiyani mwezi wa njala? Mchere amautenga kuti? Munthu akamwalira amamuika kuti, popeza nthaka yonse ili pansi pa madzi? Mwana akabadwa wopanda bambo amakhala wa mtundu uti? Yankho lililonse ankalilemba pa kakhadi, ndipo likatsutsana ndi la dzulo tinkayambiranso. Masiku ena ndinkafuna kuwaponyera botolo la inki kumaso. Tinatha sabata yathunthu tikulimbana ndi nkhani ya nkhuni zokha, kuti anthu okhala pamadzi amaphika ndi chiyani. Pomaliza ndinawauza kuti azigwiritsa ntchito mabango ouma ndi ndowe, monga tinkachitira ife madzi akasefukira. Anaomba m'manja ngati ndatulukira magetsi.

Dzikolo linkatchedwa Nyamadzi. Kumeneko chigumula chinabwera ndipo sichinabwererenso. Mtundu umodzi unkakhala pa zilumba za mabango zoyandama, ukudya nsomba ndi nyika, timizu tonga mbatata tomera m'madzi. Mtundu wina unkakhala kumapiri, ndipo ndiwo unali ndi zitsulo ndi masola akale opangira magetsi otsala kwa makolo. Ndalama yawo inali mchere wothira m'timabango. Zonsezi zinkagwirana bwino, koma a Chimwaza sankakhutira. Ankati dziko lopanda chinthu choopa ndi chithunzi cha pa kalendala. Madzulo ena anandifunsa kuti kwathu kuno anthu amaopa chiyani kwenikweni, osati zonena kutchalitchi.

Ndinawauza. Kwathu ng'ona ikagwira munthu, ndi ochepa amene amati inali ndi njala. Ambiri amafunsa kuti yatumidwa ndi yani. Amati pali anthu oweta ng'ona, amene amazipatsa dzina la munthu n'kuzituma kudooko kuti zikamudikire. Ndinawauza za nkhalamba zimene zinathamangitsidwa m'midzi chifukwa cha nkhani zimenezi. Iwo anaimirira n'kuyamba kuzungulira m'chipindamo akukanda ndevu. Pofika m'mawa mwake, Nyamadzi inali ndi mtundu wachitatu, Oweta. A Chimwaza anali ndi lamulo lakuti matsenga aliwonse azikhala ndi mtengo wake, choncho tinagwirizana kuti Woweta akatuma ng'ona kamodzi, azidula nsonga ya chala chake. Owetawo ndinawajambula ndi manja afupiafupi, akuluakulu awo atatsala ndi zikhatho zokha. Zithunzi zimenezo ndizo zabwino kuposa zonse zimene ndinajambulapo.

Dziko litaima, panatsala kuliyesa. A Chimwaza ankati malamulo a masewero ali ngati mwadiya watsopano, sungadziwe pamene ukuthonya usanauike pamadzi. Anabweretsa madayisi a mitundumitundu, lalikulu lake la mbali makumi awiri, ndi mapepala olembapo mphamvu, liwiro, nzeru ndi mpweya wa munthu aliyense wopeka. Mpweya unali wowerengera kuti munthuyo angakhalitse bwanji pansi pa madzi. Ine ndinaumba tizidole ndi dongo lakuda la kudooko, n'kutiotcha pa mbaula ya tiyirumu. Ng'ona ndinaisema kuchokera ku chidutswa cha mwadiya wakale, yaitali ngati mkono wanga. Nsagwada ndinaimanga ndi waya kuti izitseguka, mano ndinaika minga ya mlamba.

Oyesa masewerowo anali asodzi a msinkhu wanga, amene ankabwera masana akachoka kudambo. Malipiro awo anali tiyi ndi mandasi. Awiri okha ndiwo ofunika pa nkhani ino. Fombe anali mnzanga wa kupulayimale, waphee, wokonda kuvomereza zimene anena ambiri. Zuze anali wamkamwa, wosatha kuwerenga bwino, koma ndiye anayamba kuwamvetsa masewerowo onse asanawamvetse. Munthu wake anamutcha Kapitawo Mvuu, wakuba mchere. Fombe ankati chidolecho chafanana ndi mwini wake, mutu waukulu wopanda kanthu, ndipo Zuze ankayankha kuti bola mutu, enanu Mulungu anangokupatsani makutu ndi njala.

Vuto linali lakuti tizidole tanga tinkafanana. Dongo likapsa nkhope zimafufutika, ndipo tsiku lililonse pankabuka mkangano wakuti ichi n'changa. Zuze anatopa nazo. Anagwira mpendero wa malaya ake achikasu, malaya omwewo amene ankavala tsiku ndi tsiku, anaung'amba ndi mano, n'kumangirira kansaluko m'chiuno mwa Kapitawo Mvuu. Enawo anaona kuti n'zanzeru ndipo anachita chimodzimodzi, wina kansalu ka kabudula, wina ulusi wa chipewa. A Chimwaza anazijambula pafoni akusangalala. Ine ndinangoti zachepetsa phokoso. Tonse amene tinali pamenepo, kupatula iwo, tinakulira m'mudzi mmene mayi sasiya chovala cha mwana pachingwe usiku poopa kuti wina angadulepo kachidutswa. Koma tinali pa Nyamadzi, ndipo palibe amene anakumbuka za kwathu.

Panalinso lamulo la bokosi. A Chimwaza ankati imfa ikatchipa palibe amene aope. Choncho munthu wopeka akafa, chidole chake chinkalandidwa n'kuikidwa m'bokosi lopaka penti yakuda lotchedwa Pansi pa Madzi, ndipo mwini wake sankaloledwa kuchigwiranso. Bokosilo linkakhala ndi wotsogolera. A Chimwaza atandiphunzitsa kutsogolera anabwerera ku Blantyre, n'kumangobwera mwa apo ndi apo kudzatenga mawu a masewero amene ndinkajambula pafoni. Wotsogolera ndinakhala ine.

Amayi anandiuzapo kamodzi, akutembenuza nsomba pa waya, kuti azimayi a kumjigo akufunsa za timiyala ta manambala timene ndimaponya, ngati si ula. Ndinawayankha mwaukali kuti azimayi a kumjigo akapeze chochita.

Masana ena Kapitawo Mvuu anakaba mchere m'nkhokwe ya Oweta, ndipo pothawa anaganiza zowoloka khwawa posambira m'malo modikira anzake ndi mwadiya. Ndinatulutsa ng'ona ija n'kuiika pa mapu. Onse anakuwa. Lamulo linkamupatsa mwayi woponya kawiri, ndipo ankafunika nambala yoposa khumi. Anauzira dayisi, n'kuponya. Linagwa pa ziwiri. Analipukuta pa ntchafu, analitukwana m'Chisena, n'kuponyanso. Linagwa pa imodzi.

"Nkhabe," anakana Zuze m'Chisena. "Dayisi ili ndi la ku Blantyre, silidziwa kusambira."

Tinaseka mpaka mwini tiyirumu anasuzumira. Ndinafotokoza monga anandiphunzitsira, pang'onopang'ono, kuti madzi aphulika, mchere wasungunuka, Kapitawo Mvuu wakokeredwa pansi. Zuze anatenga chidolecho yekha, anatsegula nsagwada ya ng'ona, n'kuchikankhiramo.

"Idya, mwana wa mfiti, ukhute."

Anati ndimuumbire china, koma chikhale chachikazi, chifukwa ng'ona ingathawe yokha pakamwa pa mkazi wa kwathu. Ndinanyamula ng'onayo mmene inalili, chidole chili m'kamwa, n'kuiika m'bokosi lakuda.

Sabata imeneyo isanathe, Zuze anatsika m'mwadiya m'mawa kukaonjola mono, madzi akumulekeza m'chiuno, monga ankachitira kuyambira ali mwana. Fombe anali m'mwadiyamo. Anati anangomva madzi kuphulika, ndipo Zuze sanakuwe n'komwe. Amuna anasaka m'mabango masiku angapo. Chimene anapeza chinali mkono umodzi ndi mbali ya chifuwa, zili m'malaya achikasu.

Kumaliro ndinapita. Ndinakumba nawo manda, ndinalira ngati wina aliyense, chifukwa Zuze anali mnzanga. Anthu sankandilankhula, koma ndinati ndi chisoni. A Chimwaza ndinawauza pafoni. Anapepesa, kenaka n'kufunsa ngati ndingapeze wina wolowa m'malo mwake, popeza gulu la anthu anayi silikwanira kuyesa malamulo a nkhondo.

A Chimwaza anabwera m'mawa mwa tsiku lotsatira maliro. Tinali m'kachipinda kaja, iwo akukopera mawu a pafoni mu kompyuta, pamene ndinamva phokoso la anthu ambiri oyenda osalankhula. Nditasuzumira ndinaona Antonyo, mkulu wake wa Zuze, ali patsogolo ndi nkhafi m'dzanja limodzi, dzanja linalo atagwira Fombe pakhosi pa malaya. Mlomo wa Fombe unali wotupa kale. Pambuyo pawo panali amuna a kudooko, azimayi a pamaliro ali ndi mipango kumutu, ndi mayi ake a Zuze atawagwirira mbali zonse. Fombe anali atawauza zonse: za dayisi, za khwawa, za kufotokoza kwanga.

A Chimwaza anatuluka n'kuima pakhomo. Antonyo anawafunsa mwaulemu, mawu ali pansi, kuti zinthu zimene zili m'nyumbamo mwini wake ndani.

"Ine ndimangolemba, achimwene," anatero. "Zoumba ndi zosema zonse ndi za mnyamatayu."

Sananame. Ananena zoona zokhazokha, kenaka anati akukaitana apolisi, anadutsa m'mbali mwa gululo atakumbatira kompyuta yawo, ndipo anthu anawapatsa njira chifukwa anali bwana wa galimoto. Ndinamva injini ikulira. Ndinawaitana dzina. Fumbi lokha ndilo linatsala.

Bokosi analitulutsa panja n'kulitsegula pakati pa bwalo, dzuwa likuswa mtengo. Antonyo anatulutsa ng'ona ija n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense aone. Chidole chinali chikhalire m'kamwa, minga ya mlamba itachiluma pamimba, kansalu kachikasu kakulendewera. Mayi ake a Zuze anadzimasula kwa owagwira. Anamasula kansaluko, anayang'ana msoko wake, chifukwa malayawo anawasoka okha ndipo anamukalipira mwana wawo tsiku limene anawang'amba. Kenaka anakanunkhiza. Kulira kumene analira sindikufuna kukufotokoza.

Ndinayesa kulankhula, ndipo pamenepa ndi pamene ndinaphunzira kuti choona chikhoza kupha munthu. Antonyo anafunsa kuti anaumba chidolecho ndani. Ndinati ndine. Anasema ng'ona ndani? Ndine. Ananena ndi pakamwa pake kuti ng'ona yamukokera pansi ndani? Ndine, koma anali masewero. Anasunga zinthuzi m'bokosi lakuda ndani? Nkhafi inali itafika kale. Antonyo anandimenya ndi kuthwa kwake pa khutu lakumanzere. Ndinamva ngati chitseko chachitsulo chatsekedwa m'mutu, ndipo mbali imeneyo ya dziko inakhala chete kuyambira pomwepo.

Ndinagwa. Anandipondaponda m'nthiti ndi m'mimba. Wina anakhuthula bokosi lonse pansi, ndipo munagwa tizidole tina tiwiri ta anthu opeka amene anafa m'masabata a m'mbuyo, tili ndi nsalu zawo. Bambo wina anazindikira ulusi wa chipewa cha mwana wake. Anakuwa kuti wotsatira ndi wake, ndipo anandigenda ndi njerwa pamsana. Mwana wakeyo anali pomwepo, wamoyo, mnyamata amene ankadya mandasi a a Chimwaza n'kumapempha ena. Ndinamuyang'ana kuti anene kuti ulusiwo anamanga yekha. Anayang'ana kumapazi. Onse amene ndinkasewera nawo anali pamenepo, ndipo palibe mmodzi anatsegula pakamwa. Fombe anachita choposa. Ataona kuti maso ayamba kutembenukira kwa iye, anazula mtengo wa chisakasa n'kundimenya nawo pa mwendo, mwamphamvu, kuti onse aone kuti sali mbali yanga.

Anthuwo ankafuna kuti nditchule amene anandiphunzitsa ndi kumene ndimaisunga ng'ona yeniyeniyo. Ndinalibe dzina loti ndiwapatse. Mnyamata wina anatola dayisi lalikulu lija, anandikanula pakamwa, n'kulilowetsa, akuti ndidye ula wanga. Wina anandimenya chibakera pachibwano dayisilo lili m'kamwa. Ndinalavula magazi, dayisi ndi mano pamodzi. Kenaka anandigwira miyendo n'kundikokera kumsewu, mutu ukugunda pa miyala. Ndi khutu limene linatsala ndinamva wina akuitana wa kabaza wa njinga yamoto kuti apope petulo m'thanki. Mwana wamng'ono anadutsa akugubuduza tayala, akuthamanga mosangalala ngati watumidwa kukagula shuga.

Petulo anandithira kumutu. Analowa m'maso ndi m'mabala. Tayala analilowetsa mpaka m'mapewa. Ndikukumbuka kuti sindinapemphere. Ndinali ndi mkwiyo wokha, kuti ndikufa chifukwa cha dongo.

Amayi anafika akuthamanga kuchokera kowamba nsomba, manja ali bii ndi mwaye. Sanapemphe, sanagwade. Anakankha amuna awiri, anaima pamwamba panga, mwendo uku mwendo uku, n'kumasula chitenje. Anachitaya pansi. Anavula bulawuzi. Anavula zonse, pamsewu, masana, pamaso pa mudzi wonse, mayi wa mvano wa zaka zoposa makumi asanu.

"Amene akufuna kuotcha mwanayu ayambe waona kumene anatulukira," anatero. "Iwe Antonyo, yang'ana. Ndinakubereka kumsana amako ali m'chikuta cha Zuze. Yang'ana."

Kwathu mwamuna saona umaliseche wa mayi wa msinkhu wa amake n'kukhala bwino. Ndi tsoka limene sing'anga sachotsa. Antonyo anatembenuza nkhope. Wa machesi anabweza dzanja. Amuna anayamba kubwerera m'mbuyo ataphimba maso ndi zigongono, akutukwana, akulavula. Azimayi ena achikulire anathamanga ndi zitenje kudzawafunditsa, koma amayi anawakankha, ndipo anaima choncho mpaka mwamuna womaliza atapotoloka. Mkwiyo wa gululo unafunika kopita, choncho unapita kunyumba kwathu. Ndili gone pamsewupo ndinaona utsi ukukwera kuseri kwa migwalangwa. Anaotcha nyumba, khitchini, nsomba zonse zimene amayi anawamba, ndi mapu a Nyamadzi pamodzi ndi kachipinda kaja.

Dalaivala wina wa lole ya thonje, mlendo wosadziwa aliyense wa ife, ndiye anaima n'kutikweza. Amayi anavala chitenje chawo ali pamwamba pa mabelo. Apolisi anafika kumudzi phulusa litazizira. A Chimwaza akuti anawaimbiradi, ali kale pamwamba pa zitunda, pa msewu wa ku Blantyre.

Ndinagona m'chipatala nthawi yaitali, nthiti zitamangidwa, ndikumwa phala ndi kapaipi. Nditatuluka tinapita ku Marka kwa mng'ono wawo wa amayi, ndipo ndi kumene tili. Ndimanyamula katundu wa anthu owoloka malire ndipo ndimalemba zikwangwani zikapezeka. Amayi za tsiku limenelo sanazitchulepo ngakhale kamodzi. Kutchalitchi anasiya kupita. Amati miyendo ikuwawa, koma kumsika amayenda.

Malipiro anga a Chimwaza anatumiza onse pafoni, n'kuonjezerapo za mankhwala. Pa zimenezo sindingawanamizire. Patapita miyezi anandiimbira. Anafunsa za khutu, kenaka anati ngati sizindipweteka ndiwafotokozere bwinobwino mmene gululo linkachitira, amene anayamba, zimene ankakuwa, chifukwa m'buku muli mutu wina umene anthu a pa zilumba amagwira Woweta, ndipo ukumveka wosapsa. Ndinadula foni.

Ena mwa inu mukuwerenga izi chifukwa mukufuna kuyamba ntchito imeneyi. Sindikuletsani. Kupeka dziko n'kokoma, ndipo nthawi zina ndimapezeka ndikujambula mapiri kuseri kwa katoni popanda wondituma. Funsani mafunso onse aja, a mchere, a nkhuni, a maliro. Koma pali funso limodzi limene a Chimwaza sanalilembe pa kakhadi kalikonse. Ukatenga mantha a anthu amoyo n'kuwaika m'dziko lako, udzifunse kuti mantha amenewo ali ndi anthu angati amene akuyembekezabe kuotchedwa, ndiponso ndani adzakhale atanyamula bokosi iwe utakwera galimoto. Kwa iwo oweta ng'ona anali mtundu wachitatu pa mapu. Kwathu ndi mlandu umene chilango chake ndi tayala.

Chaka chino amayi ayamba kudwaladwala, ndipo anena kuti akadzamwalira akufuna akagone pafupi ndi bambo. Ndinatuma atsibweni kumudzi kukafunsa. Anabwera ndi yankho la Antonyo: mayiyo abwere, wamoyo kapena wakufa, alibe mlandu, koma mwana wake akadzaponda pamanda adzatsala pomwepo. Atsibweni anati pali njira imodzi yokha imene akuiona. Bwana wa galimoto uja atabwera yekha, n'kuima pamaso pa mayi ake a Zuze, n'kunena kuti Oweta anawalemba ndi iye, madayisi anabwera nawo ndi iye, lamulo la bokosi linali lake, mwina anthu angamve, chifukwa mawu a munthu wa magalasi amalemera kuposa a mwana wosiya sukulu.

Ndinawaimbira a Chimwaza. Ndinawauza kuti sindikufuna ndalama, ndikufuna tsiku limodzi la moyo wawo ndi petulo wa ulendo umodzi, ndipo petuloyo ndilipira ndine. Anati ndi nkhani yovuta, aiganizira. Nditaimbanso sabata yotsatira, nambala yanga inali itatsekedwa.

Ngongole yawo kwa ine ndi imeneyo, tsiku limodzi. Amayi akutsokomola m'chipinda chinachi pamene ndikulemba.